Macdonald ndi pasiwedi ya pakhoma

Macdonald Alufandika ndi mnzanga wa kalekale. Iye anafika Fomu 4, ine ndinatsanzika Sitandade 5 aphunzitsi asanandithamangitse. Lero iye amakonza makompyuta pa Nsanje boma, ine ndimamunyamula pa kabaza. Ndiye wophunzira ndani pamenepa?

Munthuyu anabadwa wotopa. Ukamupatsa moni amayankha m'Chisena, “Ndaneta,” ndiye kuti watopa kale dzuwa lisanakwere. Zaka khumi ndi zisanu akutsegulira anthu makompyuta amene adzitsekera okha.

Tsiku lina tinapalasa mpaka kwa Tengani, kusukulu ina ya pulayimale. Ahedi ake, mayi Ethel, anali atasunga m'kompyuta mayina a ana olemba mayeso a Sitandade 8, ofunika kuboma Lachisanu. Madzi atasefukira, kompyutayo anaisenza pamutu kuthawira nayo kumtunda, koma mapepala onse anapita. Pasiwedi anali atailemba ndi choko pakhoma la ofesi. Madzi ataphwa, makolo achifundo anadzapaka khomalo laimu.

“Simukukumbukako ngakhale chilembo chimodzi, mayi?” anafunsa Macdonald.

“Bambo, ndikanakumbuka ndikanakuitanani?”

Macdonald anapuma mozama, nalumikiza kompyuta ku batire la sola. Itangoyamba kudzuka anaidukiza ndi batani, nawonjezera liwu limodzi pamzere wina. Sikirini inada bii, tizilembo toyera tokhatokha. Mayi Ethel anagwira pamtima.

“Mwaipha!”

“Sindinaiphe. Ndaiuza kuti idzuke theka, ilandire munthu mmodzi yekha, wokonza. Muno simufunsidwa pasiwedi.”

Ine ndinati, “Amwene, si umbava umenewo?”

“Iwe yang'ana njinga yako.”

Analemba pasiwedi yatsopano, kompyuta inakana. Analembanso, inakananso. Thukuta linali kudontha pa mabatani. Kenako anadzimenya pachipumi: ikadzuka chotero imalola kuwerenga kokha, kulemba umayamba waipempha. Zaka khumi ndi zisanu, koma amaiwala pomwepomwepo nthawi zonse. Anaipempha, inalola, pasiwedi yatsopano ija n'kuilandira. Anaizimitsa n'kuiyatsanso bwinobwino.

Mayi Ethel analemba pasiwedi yatsopanoyo, kompyuta inatseguka. Mayina anatuluka, onse makumi asanu ndi atatu. Anayamba kuwatchula mokweza limodzilimodzi ngati akuitana kaundula m'kalasi, ena mpaka kawiri.

Atafika pa lomaliza anatembenuka, nathokoza m'Chisena. “Takhuta, bambo Alufandika!”

Mnzangayo sanamve. Anali atagona pabenchi, kukamwa yasa, ndipo ine amene ndinapalasa ulendo wonsewo ndinatsala ndikumuingitsira ntchentche.