Malata Ofiira a ku Chikale

Bambo anga anafolera nyumba yathu ya ku Chikale ndi malata omwe anatsika nawo pa doko atatopa ndi migodi ya ku Joni. Anali malata olemera, oti amuna awiri ankanyamula limodzi uku akubuula. Ine ndinabadwira pansi pake, ndinakula, mpaka kuyamba ntchito ya ukalaliki ku boma, denga lili lomwelo. Dzimbiri linalipo, chifukwa chinyezi cha kuno sichisiya kanthu. Wailesi imafa isanakalambe, loko amauma ukangotembenuka. Koma kudontha, ayi, silinkadontha.

Bambo atamwalira, mtembo wawo unagona pabalaza, ndipo bokosi linatulukira pakhomo lakutsogolo, amayi a umanyano a ku tchalitchi akuimba. Kwathu kuno munthu amachoka choncho, m'nyumba yake, pakhomo pake. Ama, monga timawatchulira amayi athu, anandigwira dzanja tsiku lomwelo n'kunena kuti, "Nanenso ndidzatulukire pomwepa." Sanatipemphenso china ife ana awo.

Vuto linabwera ndi achimwene anga, omwe nawonso ali ku Joni. Ife anthu a kuno timakonda kutchena, ndipo nyumba ya munthu amene ali ndi mwana kunja imayenera kuoneka. Wina anawatumizira chithunzi cha denga lathu pa foni, mwina mongoseka, iwo magazi anawira. Anandiimbira. "Anthu aziti ine ndikutani kuno? Ndikubwera pa Khrisimasi, ndidzapeze zimenezo zitachoka."

Ndinawauza kuti kuno munthu sasasula denga mu Disembala. Ama nawonso anakana. "Ndikhumba cha, baba. Denga landilakwira chiyani?" Koma mawu a munthu amene ali kutali amalemera kuposa athu tokhala pafupife. Ine ndinali mlongo chabe, wodziwa kudinda makalata.

Malata atsopanowo anali ofiira, owala, opepuka ngati chivundikiro cha poto. Amisiri anathamanga kuti amalize mwini ntchito asanafike. Anawakhomera pa mitengo yakale yomwe ija, mvula ikuwadukiza, nyumba ili yasa. Makoma athu ndi a njerwa zomangira dothi, ndipo masiku amenewo anamwa madzi koyamba chimangidwire. Achimwene anafika, anajambulitsa pakhonde atavala suti, odutsa m'njira anayamikira. Chaka chatsopano chitangolowa anabwerera.

Sipanapite zaka zambiri. Utoto unasuluka, dzimbiri linayambira pa misomali, kenako timabowo. Mwera ukawomba denga linkalira ngati likufuna kunyamuka. Ama anayamba kutchera mabeseni ndi ndowa, mpaka poto wophikira nyemba. Loweruka ndinkatsetsereka ku Chikale ndi phula lomatira, kukwera pa mpando ngati mnyamata, mayi wamkulu ndithu. Ndikawaimbira achimwene ankangoti, "Mukukokomeza, alongo. Malata aja ndi amakono." Ndinkakwiya koopsa, ndipo mpaka lero mawu oti amakono amandinyansa.

Khoma la kuchipinda kwa ama linachita mng'alu woti dzanja n'kulowa. Ndinachita mantha. Ndinawachonderera kuti asamukire kwanga ku boma, iwo anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Nyumba imeneyo si yako, ndi ya boma. Ukufuna ndikafere m'nyumba ya eni?"

Khomalo linagwa Lamulungu m'mawa, iwo ali ku tchalitchi. Pobwera anapeza bedi lawo litakwiririka ndi njerwa. Denga linapendekekera mbali imeneyo n'kukoka mitengo ya pabalaza. Tsiku limenelo sanatsutsenso, ananditsatira atanyamula kachikwama ka zovala.

Kwanga sankadandaula za chakudya kapena phokoso la maminibasi. Funso lawo linali limodzi, ndikamavala nsapato kupita ku ofesi: "Amisiri ayamba?" Ndinkayankha kuti posachedwa. Zoona zake, tinali tikukokanakokana ndi achimwene. Iwo ankafuna kugwetsa yonse n'kumanga ina yaikulu, ine ndinkangofuna khoma liime ndi denga likhazikike. Tili mkati mokangana choncho ama anadwala chibayo, ndipo anamwalirira m'chipatala mvula isanathe.

Tinapita nawo ku Chikale. Ndinagwada pamaso pa akuluakulu a mpingo kupempha kuti bokosi lilowe pabalaza ngakhale kanthawi kochepa, kenako litulukire pakhomo monga iwo anafunira. Mkulu wina analowa, anayang'ana m'mwamba, n'kutuluka akupukusa mutu. "Mama, pepani. Tingawonjezere maliro ena pa maliro awa."

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kuchipatala. Khomo linalipo, lotsegula, pafupi penipeni ndi pomwe tinazika tenti yobwereka. Ama anagona pa tentipo, ndipo anyamata ananyamula bokosi kuchokera pamenepo, molunjika kumanda.