Mphuno ya Bambo Mawotchi

Bambo Mawotchi anasiya kukonza mawotchi kalekale, koma dzina linawakakamira. Mafoni atabwera, ndani ankafunanso wotchi yapamkono? Anayamba kutsuka ndalama zachitsulo zakale, zija anthu ena amangosunga m'mabokosi osagulira kanthu. Anthu ankaseka kuti munthu wamkulu ndevu pepeya n'kumasambitsa makobidi ngati makanda. Kuseka ankaseka, koma ntchitoyo inaphunzitsa ana atatu.

Ankagwirira m'kachipinda kamodzi ndi mlamu wawo, telala, iwo kuzenera, iye kukhomo. Pantchito Bambo Mawotchi anali munthu wovuta. Ndalama sankaikwecha. Wina akabwera nayo ataipukuta kale ndi phulusa kuti iwale, ankamuyang'ana ngati wapha munthu, chifukwa kuda kwa ndalama ndiye ukalamba wake. Iwo ankangochotsa zonata zobiriwira zimene timapepala tapulasitiki tosungiramo timasiya. Mankhwala ake anali asetoni, wooneka ngati madzi akumwa, wouma msanga, wosachedwa kuyaka. Ankathira pang'ono m'kabotolo kagalasi, kuviika ndalama, kuvindikira, kenako kuivuula ndi kachopanira kansungwi. Zenera lotsekula, moto kutali.

"Alamu, simbi yanu yamakalayo izithera pakhonde," ankatero.

"Musadandaule, bwana mkubwa," telala ankayankha moseka. "Ndikangomva fungo lanulo, ndimabwerera ndekha."

Apa ndiye panali chimene Bambo Mawotchi ankabisa. Mphuno yawo inali itafa. Kaya ndi ukalamba, kaya ndi zaka zopuma mpweya umenewu, fungo la asetoni sankalimvanso, ngakhale la sopo. Ankachita manyazi kuulula, komanso ankaopa kuti akazi awo awaletsa ntchito. Ndiye ankangodalira mphuno ya mlamu wawo: telala akayamba kuyetsemula, ankadziwa kuti mpweya wachuluka, n'kuvindikira botolo.

Chaka chimene ankakonza msewu wa kutsogolo kwa shopu, fumbi linavuta kwabasi. Kamchenga kamodzi kakatera pandalama, ukangopukuta kasiya chipsera. M'mawa wina mphunzitsi wopuma pantchito anabweretsa chitini cha ndalama za malemu bambo ake, zonse zitanata. Kabotolo kanachepa. Bambo Mawotchi anatenga mbale yaikulu yagalasi yopanda chivindikiro, n'kukhuthuliramo botolo lonse la asetoni. Lole yamchenga inadutsa, fumbi koboo. Anayang'ana ndalama, anayang'ana zenera, n'kulitseka. Munthu wa malamulo ujatu ameneyu.

"Mphindi khumi zokha," anadziuza.

Mphindi khumi zinasanduka ola. Mutu unayamba kulemera. Telala sanayetsemule: anali pakhonde ndi kasitomala wofuna suti yake msanga, komanso chimfine chinali chitamutseka mphuno kuyambira Lolemba. Kenako magetsi anathima, simbi yamagetsi ya telala n'kuzizira. Patapita kanthawi Bambo Mawotchi anamva pakhonde munthu akukupiza makala ndi katoni. Phokosolo analidziwa bwino, ndipo mtima unawauza kuti atsekule zenera. Koma pachopanira panali ndalama yasiliva yotsala pang'ono kuyera, ndipo kunja lole ina inkabwera.

Chitseko chinatseguka. Telala analowa suti paphewa, simbi m'manja, makala ali psuu.

"Alamu, bwererani," anatero Bambo Mawotchi, koma mawu anatuluka aang'ono ngati a munthu wakutulo. Anatambasula manja onse awiri kuti aphimbe mbale ija. Moto unawapeza ali pomwepo.

Telala anangopsa nsidze ndi nsalu za eni. Bambo Mawotchi anagona m'chipatala milungu isanu ndi umodzi. Zala zinapola zitapindika; chopanira sagwiranso, ngakhale mabatani a malaya amawamangira ndi akazi awo.

Mpaka lero telala amati wolakwa ndi iye, poti ndiye analowa ndi moto. Loweruka lililonse amabwera kunyumba ndi lezala kudzawameta ndevu, ndipo akafika pakhosi amayambanso kupepesa. Iwo amangotsinzina, chisoni chitawagwira. Za mphuno sanamuuzebe.