Nambala Imene Mlamu Sanasinthe

Anti Dzidzor Kpodo anagwira ntchito yolumikiza mafoni zaka makumi awiri kuno ku Accra, mpaka makina anawalanda mpando. Ukatchula dzina la munthu, nambala yake ankaitchula usanatseke pakamwa. Atapuma anatsegula kasitolo ka intaneti ku Kokomlemle: makompyuta anayi, waya wa foni mmodzi, ndi ine wotaipa makalata pakona. Chinali chaka cha 2001.

Makinawo anawaikira ndi mlamu wawo Korbla, mng'ono wa malemu amuna awo, amene Anti anamulera okha. Kiyi wa sitolo anali naye. Loweruka lililonse ankabwera kudzaona makina, kenako n'kukhalira kenkey, nsima ya kuno, ndi nsomba yokazinga mpaka thukuta kamukamu. Atatsegula sitolo yake ya intaneti kutsidya kwa msewu, Anti ndi amene anakaipempherera.

Posakhalitsa makina athu anayamba ulesi. Modemu yotiimbira ku intaneti inkalira bwinobwino n'kulumikiza, koma ukalemba dzina la tsamba la pa intaneti, zii. Umadikira mpaka kuyasamula, kenako tsamba lija n'kutseguka lonse kamodzi.

"Anti, kalata yangayi ikupita ku London wapansi?" ankatero makasitomala. Ankaseka, koma mawa lake tinkawaona akuwoloka msewu.

"Ndi fumbi ili, alamu, lalowa m'mawaya," Korbla ankatero akunyambita zala. Mvula itabwera anasintha nyimbo: "Mawaya anyowa, piriraniko."

Tinapirira miyezi isanu, mipando n'kumachita fumbi. Anti anayamba kunena zogulitsa makina n'kubwerera kwawo ku Keta, ndipo ine ndinkadziwa kuti sitolo ikatsekedwa sadzadzukanso. Koma khutu la ntchito yakale silinafe. Tsiku lina anavula wotchi n'kuiika patebulo.

"Iwe Akweley, taona. Tsamba lililonse latsopano likuchedwa mofanana ndendende. Waya wonyowa sasunga nthawi chonchi. Pali wina amene tikumuimbira koma sakuyankha."

Anaimbira kampani yotipatsa intaneti. Mayi wa kumeneko anawauza pofinya pa kompyuta, n'kuwawerengetsa manambala awiri amene anaonekera.

"Mayo ine!" anatero mayiyo. "Amayi, kompyuta yanu sidziwa mayina. Imafunsa makina athu kuti dzina lakuti nambala yake n'chiyani. Makina a nambala yoyambayo tinawazimitsa mu Januwale. Ndiye imayamba yagogoda kwa wakufayo, ikatopa m'pamene imafunsa wachiwiri. Kalata tinapereka kwa amene anakuikirani makina, a Korbla Kpodo. Anasaina okha."

Kusintha nambalayo sikunatenge ndi mphindi ziwiri zomwe. Masamba anayamba kuthamanga.

"Mwina anaiwala," Anti anatero chapansipansi.

Ine ndilibe mtima woterowo. Ndinawoloka msewu ngati wofuna kubwereka pepala. Pakompyuta iliyonse ya Korbla panali patamatidwa kapepala: nambala yatsopano, dzanja lake lomwe, ndi deti la mu Januwale. Mtima unandiwawa zedi. Munthu kumadyera mbale yako Loweruka lililonse, mankhwala ali m'thumba, iye n'kumakuonerera ukuwonda! Ndinawauza Anti zonse, osachotsera.

Ndinkafuna tikamuyalutse pamsewu. Iwo anangondituma nsomba.

Loweruka Korbla anafika akuimba mluzu. Anti anamusambitsa m'manja, anamuikira mbale pafupi ndi kompyuta yoyamba, n'kudikira kuti aike nthongo mkamwa. Kenako analemba dzina la tsamba. Linatseguka pompo. Analemba lina, nalonso pompo.

Korbla anasiya kutafuna.

"Alamu, ine ndimati…"

"Idya, mwana wanga, nsomba ikuzizira," anatero Anti. "Ine ndaimbira anthu zaka makumi awiri. Nambala ikapanda kuyankha ndimadziwa kuti ndaimba polakwika. Koma iwe unkayankha Loweruka lililonse."

Anatambasula dzanja. Korbla anapisa m'thumba ndi zala zamafutazo, n'kuika kiyi m'chikhatho chimene chinamulera.