Matabwa a M'chigafa cha Atsibweni

Ndimasunga msomali wautali, wadzimbiri, wopindika kumutu. Ndinautola m'chigafa cha atsibweni, momwe tinkayanikamo fodya, dzinja limene amayi anali oyembekezera.

Mudzi wathu unali tsidya lino la mtsinje. Sukulu, chigayo ndi chipatala zinali tsidya linalo, ku Namitete. Aphunzitsi ankati pamalo owolokera pathu panatha milatho itatu. Woyamba unali ulalo wa mitengo, unadyedwa ndi chiswe. Wachiwiri unapita ndi madzi. Wachitatu unali wamatabwa, ndipo za umenewu ankangoti, "Unasamuka," n'kubwerera ku masamu. Panatsala zipilala ziwiri zasimenti zoterapo akhwangwala. Ife tinkawoloka titasenza madiresi pamutu.

Ndinali mwana wamanyazi, woona zinthu n'kukhala chete. Ndinaona kuti matabwa a m'chigafa chathu anali akuda, onunkha phula kukatentha. Zitseko za makola ambiri m'mudzimo zinkanunkha chimodzimodzi. Sindinafunse.

Amayi ankayenera kupita msanga kukadikirira kuchipatala, koma fodya anali atakhwima. "Ndisoke kaye uyu," ankatero, zala zili zakuda ndi utomoni wa masamba. Kenaka mvula inagwa osalekeza, ndipo m'mawa wina matenda anayamba.

Atsibweni anawatengera pangolo mpaka kumtsinje. Madzi anali ofiira, akukokolola mapesi ndi thunthu la nthochi. Ng'ombe zinakana. Amuna a tsidya lina ankakuwa, mawu osafika. Azimayi anazungulira ngoloyo ndi zitenje, mmodzi n'kunditembenukira: "Iwe, kaone mbuzi."

Anabwerako dzuwa litapendeka. Sipanamveke kulira, kwa khanda kapena kwa munthu wamkulu. Azimayi okhaokha anapita cha kumanda ndi khasu, opanda nyimbo, ndipo sanachedwe.

Kutacha, atsibweni anatsitsa fodya yense, n'kumuunjika pamatope. Anayamba kuzula matabwa a chigafacho.

"Achimwene, fodya awola uyo!" anakuwa bambo wa nyumba yoyandikana nafe.

"Awole."

Ankasenza thabwa limodzilimodzi kupita kumtsinje. Palibe anawaletsa, palibenso anagwetsa khola lake. Matabwawo sanafike ngakhale pa chipilala choyamba. Anakhala pagombe mpaka madzi ena anadzawatenga. Lero ndimati umenewo unali mlatho wachinayi, ngakhale palibe amauwerenga. Sindiwaweruza atsibweni kuposa ena. Anangokhala okhawo amene anabweza matabwa a mlatho wachitatu uja.

Msomali ndinautola tsiku limenelo. Nkhawa yanga inali pa fodya, chifukwa atsibweni anali atalonjeza kuti akagulitsa adzandigulira nsapato za kusukulu. Ndinalowa m'nyumba, ndinapeza amayi atagona chopenya kukhoma. Ndinawafunditsa bwino miyendo, n'kufunsa chapansipansi ngati mwana wathu adzabwera madzi akaphwera.