Abilimankhwe a ba Whyson

Tsiku limene bilimankhwe anatuluka m'chikwama cha ba Whyson, minibasi ya ku Mtendere inali yodzaza mpaka pakhomo. Kanyamako sikanapupulume, paja sikadziwa kupupuluma. Kanasuzumira, kutembenuza diso limodzi, n'kuika mwendo paphewa la mayi wina wonyamula tomato. Mayiyo anaitana Yesu, kondakitala anaitana amake, dalaivala n'kuimika basi pakati pa msewu. Ba Whyson anatsitsidwa ndi chikwama chawo, nsapato imodzi n'kutsalira mkati. Pamene ankafika kunyumba akutsimphina, nkhani inali itafika kale ndipo inali itanenepa.

Bamboyu anachoka ku Katete ali mnyamata, ndipo kwa zaka makumi atatu wakhala akusamalira maluwa m'mayadi a ku Kabulonga. Akazi awo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi, Marjory. Chuma analibe, koma maso anali nawo. Pamene inu mukuona masamba okhaokha, iwo ankaona bilimankhwe, n'kukuuzani ngati ndi wamkazi. Luso limeneli silinawapindulire kanthu mpaka Dokotala Ngosa atalowa m'nyumba imene iwo ankagwirako ntchito.

Dokotalayu anali mayi wofufuza chibale cha mitundu ya abilimankhwe. Ankatenga kadontho ka magazi n'kukapima mapuloteni ake. Anawafotokozera ba Whyson kuti mapuloteniwo ali ngati mikanda pa ulusi: mitundu iwiri ikafanana kayalidwe ka mikanda, ndiye kuti agogo ake ndi amodzi. Chimene chinawagwira mtima ba Whyson si mikandayo ayi. Ndi funso loti, "Ba Whyson, imwe muganiza bwanji?" Zaka zonsezi mabwana ankangowauza potchetcha. Kuyambira pamenepo anayamba kuzungulira tchire la kuseri kwa Bauleni ndi chikwama, ndipo lamulo la dokotala loti bilimankhwe aliyense abwezedwe pamtengo pamene anagwidwa ankalisunga kuposa malamulo khumi aja a m'Baibulo. N'chifukwa chake abilimankhwe ena ankadikira ulendo wawo wobwerera kutchire m'kakhola ka waya kuseri kwa nyumba ku Mtendere.

Nthawi yomweyo n'kuti Kombe, wowotcherera mageti ku Kalingalinga, atatumiza nkhoswe yake, ba Chishimba, ndi mbale ziwiri zovundikirana monga mwa mwambo wofunsira mbeta, kupempha Marjory. Mbalezo zinali pamwamba pa kabati kudikira yankho, ndipo tsiku la yankho linali Loweruka lotsatira za m'basi zija.

"Batate, napapata," anatero Marjory m'mawa mwake, "vichoseni vinthu vija, lelo chabe."

"Si vinthu, ni sayansi. Uja wamkulu ni wa ku Bauleni. Nikamutaya kuno azasoba njila."

Abale onse anali ku Katete, choncho woyankhulira banja anali ba Maud, mayi woyandikana nawo nyumba amene anamulera Marjory ngati wake. Asanafike alendo anawapatsa ba Whyson malangizo. "Pa nkhani ya chikwati tate sakamba. Imwe munkhale chabe ngati mpando. Olo bakutukaneni, mpando suyankha."

Ba Chishimba anafika atavala jekete ngakhale kunali kutentha. Atatha malonje anatsokomola pang'ono. "Tamvelako tunkhani twa mu basi," anatero akuyang'ana pansi. "Kapena ni boza chabe. Muziba mukomboni banthu bakamba maningi."

Aliyense wodziwa mwambo anamva kuti mkuluyo watsegula chitseko. Sankafuna zoona, ankafuna mawu oti akapereke kwa makolo a Kombe. Ba Maud anali atatsegula kale pakamwa kuti anene kuti ndi nsanje za anthu. Koma ba Whyson mawu oti "boza" anawalasa pamtima. Ntchito yokhayo imene inawachititsa kumva kuti ndi munthu, aikane pamaso pa mlendo? Mpando unadzuka, unapita kuseri, n'kubwera ndi bilimankhwe padzanja.

"Onani, ba Chishimba, sichiluma. Si mankhwala, si ufiti. Gwilani."

Ba Chishimba sanagwire. Anakweza miyendo yonse iwiri, mawondo kufika pachibwano, bambo wa zidzukulu. Ba Whyson anaganiza kuti mlendoyo sanamvetse, ndiye anayamba za mikanda. Anafotokoza kuti magazi amatengedwa pang'ono chabe, kuti amasungidwa m'timabotolo mufiriji, kuti nyamazo amazibweza okha pamtengo uliwonse. Mawu aliwonse amene ankawonjezera ankamveka ngati munthu akuulula pamaso pa abusa. Ba Maud anangophimba nkhope ndi chitenje.

Mlendo atapeza mpweya analankhula mwaulemu kwambiri. "Mbale zija ni za bene. Bazifuna kunyumba."

Marjory, amene ankamvetsera kuchipinda, anazitsitsa yekha pakabati. Sanalire. Patatha sabata Kombe analeka kuyankha foni, ndipo mwezi usanathe mtsikanayo anasamukira kwa mnzake ku Chawama, kumene palibe amene amadziwa bambo ake. Dokotala Ngosa anamaliza kafukufuku wake, anawagwira chanza ba Whyson ndi manja awiri, n'kupita kunja kukaphunzitsa.

Masiku ano ana a m'komboni amawoloka ngalande akaona ba Whyson, ndipo m'basi amakhala momasuka chifukwa palibe wofuna kugundana nawo. Akamaona bilimankhwe akuwoloka msewu amamunyamulabe, kuopa kuti ana angamugende. Kakhola kaja sikanakhalepo kopanda mlendo. Lamlungu lapitali anakumana ndi ba Maud pampopi, ndipo anayamba kudandaula kuti anthu a ku Mtendere ndi osaphunzira, kuti umbuli ndiwo unathetsa ukwati wa mwana wawo.

Ba Maud anatseka mpopi, anasenza chigubu, n'kunena kuti, "Ba Whyson, osanamizila banthu. Mwana anakupemphani siku imozi chabe, imwe siku ija munaipasa chilombo."