Saizi ya a Januario

Pa purazi ya fodya kufupi ndi Karoi palibe amene samudziwa Tecla, mwana wa a Januario, madala aja anachoka ku Tete ali mnyamata n'kudzakalambira m'shedi yosankhira fodya. Iye Tecla fodya sagwira. Yake ndi pulinta ya mu ofesi, kusindikiza timatikiti tomangirira pa mabelo. Ndi mkazi waphuma, woti pakamwa pakamayankhula manja amakhala ali pa zina, ndipo kudikira amadana nako koopsa.

Chinkamudya mumtima chinali chimodzi. Bambo akewo, amene kutchalitchi nyimbo sinkayamba iwo asanatsokomole, anali atasiya kwaya. Ankati pakhosi panauma ndi fumbi la fodya. Kuuma kwake kuti, poti akamakalipira mbuzi mawu ankafika mpaka kumsewu wa Chirundu? Tsono ukwati wa Netsai, mng'ono wake wa Tecla, unali pafupi, ndipo mkwatibwiyo anali atanenetsa kuti nyimbo yatsopano yolowera ayambitse ndi baba, apo ayi alowa chinunu.

Mpingo unali utangogula pulinta yake. Tecla, ndi phuma lake lija, anangokopera masetingi onse a ku shedi pa fulashi n'kukawathira mu kompyuta ya kutchalitchi, osayang'ana n'komwe. Atadina kuti asindikize nyimbo ya ukwati ija, maiwe, nyimbo yonse inatuluka itaunjikana pakona pa pepala, saizi ya tikiti ya belo! Akwaya anafa nazo nseko. Mai Conceição, oimba besi kuposa amuna, anati pabwere sikelo, nyimboyo ipimidwe ipite ku okushoni. Aliyense ankatsinzinira, kukankhira pepala kutali, kulibwezanso pamphuno.

Tecla anaseka nawo, kenako kuseka kunamuthera pakamwa. Kutsinzinira kumeneko anali atakuonapo kunyumba, bambo ake atagwira buku la nyimbo, masiku aja asanaliponye pamwamba pa kabati. Vuto silinali pakhosi ayi, anali maso, ndipo munthu wamkulu ankachita manyazi kunena. Tecla anamva chisoni kwambiri.

Anakhalanso pa kompyuta paja, ulendo uno mofatsa, moti Mai Conceição anamufunsa ngati wadwala. Anachotsa saizi ya tikiti n'kupanga ina: pepala lopingasa, m'mbali mosasiya malo ambiri, zilembo zonenepa ngati nyemba, ndime imodzi pa tsamba. Kompyuta itafuna dzina la saiziyo, analemba kuti Januario.

Kunyumba za maso sanazitchule. Anangoika mapepalawo patebulo akudandaula kuti pulinta yatsopanoyi ndi yopusa, ikungotulutsa zinthu zikuluzikulu. A Januario anawayang'ana nthawi yaitali, akuwerenga mawu a nyimboyo chapansipansi.

"Yopusadi," anatero. "Koma usaikonze, mwanangu."

Tsiku la ukwati tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Panamveka kachifuwa kodziwika kaja, kwaya inadzuka, ndipo Netsai analowa akulira uku akuseka, mawu a bambo ake akugwedeza malata.

Saizi ija Tecla anaikoperanso ku pulinta ya ku shedi ndi ya kusukulu, ulendo uno atayang'ana kaye. Masiku ano agogo a m'mapurazi oyandikana amatsika kombi ndi mapepala awo n'kumunong'oneza kuti awatulutsire pa Januario. Mwini dzina ukawafunsa, amakuuza mosaphethira kuti pakhosi panachira ndi mandimu.