Kailaiti wa m'boti la alamu

Alamu anga a ku Kambuzuma anali ndi boti laling'ono lophera nsomba kudamu. Pansi pa mipando panali kailaiti, zoyera zopepuka zija, zoti boti likadzaza madzi lisamire. Magetsi atayamba kuzimazima, iwo anakolowola zonse n'kuyala m'bokosi la mafiriziti, zakumwa zoundana za m'timapulasitiki zimene akazi awo, achemwali anga, amagulitsa pageti, kuti zisamasungunuke. Ndinawachenjeza kuti boti lidzamira, mpaka kukhosi kuuma. Anangondiseka: “Alamu, inu obadwira m'tauni muno, za madzi muzidziwira kuti?”

Tsiku lina mphepo inawapeza pakati pa damu. Boti linamira ngati mwala, osasiya poti munthu agwire. Anawavuula asodzi anzawo, atakhuta madzi.

Nditapita kukawazonda, achemwali anandilandira ndi firiziti. Inali yozizira bwino. Kailaiti uja anali akugwira ntchito yake m'bokosi muja.